Mmene Mayi Wophika Tiyi Anatsekera Bwana Kunja kwa Geti

Pa kampani ina yoswetsa mazira aliyense ankawadziwa kuti Mayi Dikirani. Dzinali silinali la makolo ayi, linachokera pakamwa pawo pomwe. Ukati, "Mayi, tiyi," iwo amati, "Dikirani kaye." Ukati, "Mayi, alendo afika," yankho lomwelo. Anthu amanena kuti ngakhale tsiku limene wosoka nsapato wa pakona anawafunsira ukwati anamuyankha momwemo, ndipo bamboyo anadikira zaka ziwiri ndi theka, akusoka nsapato maso ali kunjira imene mayiwo ankadutsa. Pomaliza anakwatirana n'kubereka ana atatu, onse odekha ngati mayi awo.

Sukulu sanapite nayo patali. Anayamba ndi kutsuka mabotolo pa fakitale ya zakumwa, kenako kukolopa pa chipatala cha mano, ndipo pa kampani ya mazira analowa ntchito idakali ndi makina amodzi okha, oikidwa m'galaja ya mwini wake. Kampani itakula n'kusamukira m'nyumba yosanja, iwo anapatsidwa kachipinda ka pansi pa masitepe. Munali sinki, ketulo, tebulo la mwendo umodzi waufupi, ndi makapu makumi anayi ndi imodzi, kapu iliyonse ndi mwini wake. Anakhala mmenemo zaka zambiri mpaka khosi linazolowera kupendekeka, moti ngakhale kutchalitchi ankaimba mutu uli pambali.

Mwini kampaniyo anali bambo wamfupi, wa ndevu za pamlomo zokhuthala ngati bulashi ya nsapato, ndipo kuseri ankatchedwa Chiphaliwali. Moni sankapereka. Aliyense kwa iye anali "iwe", ngakhale mlonda wa pageti amene ankamuposa ndi zaka khumi. Mawu akuti "chonde" ndi "zikomo" ankawaumira ngati akuopa kuti angathe. Mayi Dikirani kwa iye anali "iwe wa tiyi", ndipo iwo sankadandaula, chifukwa ankati galu wouwa umadziwa pamene ali.

Mazira kuti aswe amafuna kutentha koyenera, kosapitirira, kosaperewera, kwa masiku makumi awiri ndi limodzi. Makina atsopano amene bwana anagula anali olumikizidwa ku intaneti, moti munthu ankatha kukweza kapena kutsitsa kutenthako ali kutali, pa foni chabe, bola akudziwa mawu achinsinsi. Bwana ankanyadira zimenezi mpaka tsiku limene anamva zomwe zinagwera kampani ina ya mazira ya tsidya lina la tauni. Akuba a pa intaneti, anthu osaoneka nkhope, analowa m'makina a kampaniyo n'kuuza eni ake kuti akapanda kuwapatsa zimene akufuna, awotcha mazira onse. Eni ake anayesa nthabwala. Pofika madzulo mazira zikwi makumi atatu anali atapsa bwinobwino, ndipo antchito anadya mazira sabata yathunthu mpaka kunyumba anayamba kuwagoneka pakhonde.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Bwana anaitanitsa katswiri wa makompyuta, bambo wowonda wa magalasi, amene chikwama chake cha kumsana sankachivula ngakhale polowa kuchimbudzi. Asanaphunzitse aliyense, katswiriyo anatchera msampha kuti aone angati angakodwe. Anatumiza uthenga wabodza pa imelo ya wantchito aliyense wakuti, "Mwapambana firiji ya zitseko ziwiri. Dinani apa."

Mwa anthu makumi anayi ndi mmodzi, makumi anayi anadina. Sekilitale anadina n'kuimbira mlamu wake kuti abwere adzatenge firiji yakale. Dalaivala anatsuka kumbuyo kwa galimoto kukonzekera katundu. Bwana mwini wake anadina kakhumi ndi kamodzi, kenako anatuluka mu ofesi kukakalipira sekilitale kuti firiji ikuchedwa.

Pa msonkhano wa antchito onse katswiri anaulula kuti firiji kulibe. Anthu ena anayamba kuyang'ana zikhadabo zawo.

"Akanakhala akuba enieni, bwenzi pano mukusenda mazira," anatero katswiri. "Munthu mmodzi yekha ndi amene sanadine. Mayi a kukhitchini."

Mayi Dikirani anali kumbuyo atanyamula thireyi. Zoona zake zinali zakuti imelo anawatsegulira zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, koma kapepala kamene panali mawu achinsinsi anakapinda kanayi n'kukaika pansi pa mwendo waufupi wa tebulo, tebulo n'kusiya kugwedera. Imeloyo sanaionepo ndi maso. Anafuna kufotokoza. "Dikirani kaye," anatero. Koma tsiku limenelo palibe amene anadikira.

"Anthu a madigiri, mwaona?" anakuwa bwana. "Mwagonja kwa wa tiyi! Iwe, kuyambira lero ndiwe mkulu wa chitetezo cha makompyuta pano."

"Bwana, ine kompyuta ndimangoipukuta fumbi."

"Chitetezo chake n'chomwecho. Pitiriza."

Pa chitseko cha pansi pa masitepe anakhomapo chikwangwani cha udindo wawo, chachitali kuposa chitsekocho, moti mbali ina anachita kuipinda. Anawapatsanso laputopu. Iwo anaona kuti ikayaka imafunda, ndiye ankaikapo kapu ya bwana kuti tiyi asazizire.

Katswiri anadziwa msanga kuti pachitika chisokonezo, koma lipoti anali atapereka kale. Choncho anakhala nawo masana atatu pansi pa masitepepo, chikwama chili kumsana, mawondo akugunda sinki, akuyesetsa kuwaphunzitsa. Zambiri zinkalowera khutu ili n'kutulukira linalo, mpaka pamene ananena kuti, "Mayi, akuba a masiku ano sathyola chitseko. Amagogoda. Amadzionetsa ngati munthu amene mukumudziwa, amalankhula mokoma, amati fulumirani, ndipo mumawatsegulira nokha."

"Ndiye kuti ndi anthu aulemu?"

"Aulemu kwambiri."

"Komanso opupuluma?"

"Nthawi zonse."

"Basi ndawadziwa," anatero mayiwo. "Ndili mtsikana ankapezeka pa siteji ya basi."

Katswiri anawapatsa mawu achinsinsi a makina onse oswetsa mazira, mzere wautali wa zilembo ndi manambala wopanda mutu kapena mchira. Iwo anauloweza pouimba ngati nyimbo ya kwaya, pepala n'kuliwotcha m'sinki. Kenako anakhazikitsa lamulo limodzi lokha. Aliyense wolandira uthenga womupempha chilichonse ankayenera kutsikira pansi pa masitepe n'kuwawerengera mokweza, iwo akutsuka makapu.

Lamuloli linkaoneka lachibwana koma linagwira ntchito modabwitsa. Munthu ankatsika ndi foni maso ali gwa, n'kuyamba kuwerenga kuti, "Wokondedwa mnzanga, ndine mkazi wa malemu mkulu wa asilikali, ndipo ndakusankhani inu mwa anthu onse a padziko," ndipo asanamalize ankadzimvera yekha manyazi n'kukwera masitepe mwakachetechete. Mayi ankangopitiriza kutsuka makapu. Tsiku lina dalaivala, pofuna kutsatira lamulo, anawerenga uthenga wochokera kwa mkazi wina amene ankamupempha kuti adzerenso Loweruka. Mayi anazimitsa mpopi n'kumuyang'ana. "Ameneyo si wakuba wa pa intaneti," anatero, "koma musadine."

Kunyumba mwamuna wawo, wosoka nsapato uja, ankanyada ndi kuopa pa nthawi imodzi. Anakhoma loko yachiwiri pachitseko. Mayi atamuuza kuti akubawo salowera pakhomo, iye anakhomanso ina pawindo.

Patatha miyezi inayi bwana anapita kutali ku maphunziro a eni makampani, a masabata awiri. Lachiwiri m'mawa foni ya mayi inalira. Mawu anali a bwana enieni, ndi kakhosomo kake komwe.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Bondo lija likupeza bwanji? Pepani kukuvutitsani. Chonde ndithandizeni mawu achinsinsi a makina, ndaiwala, ndipo ndikuwafuna pompano."

Mayi anachotsa foni kukhutu n'kuiyang'ana. Pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi munthu ameneyu anali asanadziwe kuti iwo ali ndi bondo. "Dikirani kaye," anatero. Anaika foniyo m'chitini cha shuga, kutseka chivindikiro, n'kumaliza kutsuka makapu. M'chitinimo mawu anapitiriza kupepesa ndi kuchonderera kwa mphindi makumi awiri.

Katswiri atabwera anatsimikiza kuti anali akuba. Anafotokoza kuti masiku ano kompyuta ikamva mawu a munthu kwa kanthawi kochepa imatha kulankhula ngati munthuyo, ndipo ngakhale nkhope pa kanema amatha kuipanga. Mawu a bwana anawatenga pa malonda a pa wailesi, pamene bwana ankati "makasitomala athu okondedwa" ndi mawu ofewa amene anachita kumuphunzitsa tsiku lonse. Akubawo anaganiza kuti ndi mmene amalankhulira masiku onse. Antchito anawombera mayi m'manja, ndipo mlonda analamulidwa kuti aliyense wokayikitsa asadutse pageti mayi asanavomereze.

Chimene palibe ankadziwa n'chakuti maphunziro amene bwana anapitako anali otsogolera anthu ndi mtima wachikondi. Kumeneko anawagwiranitsa manja, anawaphunzitsa kupuma mozama akakwiya, ndipo aliyense analemba kalata kwa bambo ake. Bwana analira mpaka kunyowetsa tayi. Tsiku lomaliza anameta ndevu zija monga chizindikiro cha moyo watsopano.

Lolemba m'mawa anaimika galimoto pageti, kutsika, n'kumwetulira mlonda. "Mwadzuka bwanji, achimwene? Ana ali bwanji kunyumba? Chonde nditsegulireni."

Mlonda anataya chipewa n'kuthamangira pansi pa masitepe. "Mayi! Afika! Uja wa m'chitini wabwera ndi miyendo!"

Mayi anapukuta manja pa epuloni n'kupita kukasuzumira pa zitsulo za geti. Msinkhu unali womwewo, mimba yomweyo, galimoto yomweyo. Koma pamlomo panali see ngati pa mwana, ndipo munthuyo atawaona anagwira pamtima n'kuwerama pang'ono.

"Mayi, ndakusowani. Zaka zonsezi sindinakuthokozenipo chifukwa cha tiyi wanu."

"Musatsegule," anatero mayi kwa mlonda.

Anaimbira katswiri, amene tsiku limenelo anali pa kampani ina. Katswiri anaseka. "Mayi, amapanga mawu ndi zithunzi basi. Munthu wathunthu wa mnofu sangapange."

"Zaka zisanu zapitazo mawu ankapanga?"

"Ayi."

"Nanga lero?"

Katswiri anati afufuze kaye.

Bwana anatulutsa chiphaso. Mayi anati ziphaso amapanga. Anatchula kapu yake, yobiriwira, yosweka pamlomo. Mayi anati wakuba wabwino amakonzekera. Bwana anapuma mozama monga anamuphunzitsira, n'kunena kuti akumvetsa nkhawa zawo ndipo akuzilemekeza, zomwe zinachititsa mlonda kuwonjezera unyolo pageti. Pomaliza anaitanitsa mkazi wake kuti adzamuchitire umboni. Mayi a kunyumbawo anafika, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anayandikira geti n'kunong'oneza Mayi Dikirani.

"Inenso ndikukayika, amwali. Dzulo watsuka mbale."

Kwa masiku atatu mwini kampani anakhala kunja kwa kampani yake. Kukalipa sakanatha, chifukwa anali atalonjeza pamaso pa anzake a ku maphunziro kuti sadzakwezanso mawu. Ankafika m'mawa, kupempha mwaulemu, kukanidwa mwaulemu, kenako n'kukakhala pa benchi ya wosoka nsapato pakona paja, ambulera ili m'manja. Mkati ntchito inkayenda bwino kuposa kale. Anapiye ankaswa, magalimoto ankatuluka, ndipo madalaivala podutsa ankamuyang'ana cham'mbali ngati akuona mzukwa.

Mayi sanamumane tiyi, chifukwa ankati ngakhale wakuba akakhala pakhomo pako ndi mlendo. Ankamupititsira pa kapu ya alendo. Iye ankalandira ndi manja awiri n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, mayi," ndipo iwo ankabwerera atatsimikiza kuposa kale. Komabe mumtima sizinkawayendera bwino. Ankaona kuti munthuyo akuwonda, kuti akamva anapiye akulira m'galimoto amatembenuka ngati mayi womva mwana wake. Tsiku lachiwiri akudya chamadzulo anauza mwamuna wawo kuti, "Ngati ndi wakuba, ndi wabwino kuposa mwini wake. Zikundipweteka."

"Mayi, ndi yemweyo," anatero wosoka nsapato. "Ndamuvula nsapato lero kuti ndimupolishire. Chidendene cha kumanzere chadyeka mbali yomwe chimadyekera. Zaka khumi ndakhala ndikuchikonza."

"Nsapato amaba, bambo."

"Nanga fungo?"

Mayi anasiya kudya. Kwa nthawi yoyamba anaganiza kuti mwina atsekera kunja munthu amene amawalemba ntchito, ndiponso kuti amutsekera chifukwa cha chinthu chabwino chokhacho chimene bamboyo anachitapo. Koma anaganizanso za mazira zikwi makumi asanu amene anali m'makina. "Munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu sasintha pa masabata awiri," anatero, koma mawu awo analibe mphamvu.

Nkhani inatha Lachitatu masana, ndipo anaithetsa ndi dalaivala. Pobwerera m'mbuyo ndi lole ya anapiye, maso ali pa munthu wa pa benchi m'malo moyang'ana pagalasi, anagunda galimoto ya bwana n'kuswa nyali. Bwana anaimirira. Anatseka maso, anapuma mozama, anawerenga mpaka khumi. Dalaivala, pochita mantha, anafuna kupita kutsogolo koma anaika giya yolakwika, n'kuswanso nyali inayo.

"Iwe chitsiru!" Mawuwo anamveka mpaka kuchipinda cha makina. "Pankhope pakopo pali maso kapena mabatani a malaya? Laisensi unaitola m'ngalande? Tsika! Nanga iwe mlonda ukuyang'ana chiyani, tsegula getilo ndisanakupachike pamwamba pake!"

Kampani yonse inaphulika ndi chimwemwe. Mlonda anamasula unyolo misozi ili m'maso. Sekilitale anaimba nthungululu pawindo. Dalaivala anatsika akumwetulira, akutukwanidwa, n'kumangoti, "Ndi iwowo, ndi iwowo!" Mayi Dikirani anaima pambali pa geti, manja kumbuyo. "Takulandirani, bwana," anatero. "Mwayenda bwanji?"

Bwana anadutsa akukalipa, kukwera masitepe akukalipa, ndipo anakalipa mpaka mawu anasasa. Mayi anabwerera m'kachipinda kawo, anavula epuloni, anaipinda, n'kuika m'chikwama pamodzi ndi supuni yawo, poti ankadziwa kuti ntchito yatha. Cha m'ma folo koloko anamva mapazi akutsika. Bwana anawerama n'kulowa, malo amene anali asanalowemo chimangireni nyumbayo. Anayang'ana sinki, tebulo, ndi denga lopendekeka.

"Iwe wa tiyi. Akanakhala wakuba weniweni, akanalowa?"

"Ayi, bwana."

"Nanga ine ndikafuna kukhala munthu wabwino, ndizilowa bwanji?"

Mayi anaona kuti bamboyo sakuseka. Anatulutsa epuloni m'chikwama, anaivalanso, n'kuteleka ketulo. Awiriwo anamwa tiyi ataimirira, mitu yonse itapendekera mbali imodzi.

Sabata yotsatira katswiri anakonza njira ina. Wofuna kukhudza makina ankayenera kukhala ndi mawu achinsinsi, kanambala kobwera pa foni yake, ndi munthu wachiwiri womuvomereza maso ndi maso. Kuyambira pamenepo khalidwe la munthu linasiya kukhala chiphaso, ndipo bwana anapeza ufulu wonena "zikomo". Ankanena mwina kamodzi pa sabata, atayang'ana kaye uku ndi uku. Ndevu anazisunganso. Mayi anapempha kuti awachotse pa udindo, koma bwana anakana, akuti munthu amene anakaniza mwini kampani sangalole wina aliyense.

Mbiri yawo inafalikira, mpaka chaka chotsatira anaitanidwa kukalankhula pa msonkhano wa akatswiri a chitetezo mu holo ya hotela. Anavala diresi la kutchalitchi, anakwera pa nsanja, analankhula mphindi zinayi n'kukhala pansi. Bambo wina wa suti anaimirira n'kufunsa kuti, "Mayi, m'zaka khumi zikubwerazi, choopsa chachikulu kwa mabizinesi n'chiyani?"

Mayi anaganiza za chipinda cha kompyuta yaikulu ya kampani yawo, mmene nyengo ya mvula iliyonse ankatchingira madzi ndi mabeseni atatu. "Denga," anatero. "Anthu amayang'ana pakhomo, koma madzi akulowera pamwamba."

Holo yonse inawerama kulemba. Mawuwo anasindikizidwa pa zikwangwani, ndipo akatswiri anakangana miyezi ingapo za tanthauzo lake lozama. Kenako gulu la anthu asanu ndi awiri linabwera pa kampani kudzaphunzira nzeru ya dengayo pamene inabadwira. Linali tsiku la mvula. Mayi anawatengera kuchipinda cha kompyuta, anawaonetsa madzi akudontha, n'kupatsa aliyense chotungira. Bwana anachita manyazi kwambiri moti amisiri anafika mawa lake.

Mayi Dikirani anapuma pa ntchito patatha zaka ziwiri, bondo litakana masitepe. Masiku ano amakhala pakona paja ndi mwamuna wawo, amene maso ake anayamba kuchita chidima. Iye amasoka, iwo amamulowetsera ulusi pa singano, ndipo akakangana amakangana za mtundu wa polishi.